Fish finder, side scan kapena array: chomwe chingagwire ntchito m'madzi osaya a Malombe ndi Shire

Masiku ano ma fish finder, mashini ofufuzira nsomba pogwiritsa ntchito phokoso pansi pa madzi, ayamba kuoneka m'maboti kuno ku Mangochi, ena abwera nawo achimwene athu ochokera ku Joni, ena mabungwe akugulira ma BVC (Beach Village Committee, makomiti a asodzi a pagombe), ndiye funso lomwe limabwera pafupipafupi ndi lakuti bwanji mashini omwewo akagwiritsidwa ntchito kuseri kwa Boadzulu kapena ku Monkey Bay amaonetsa bwinobwino koma ukangolowa nawo ku Malombe sikirini imangodzaza zinyalala, nsomba osaoneka. Ambiri amathamangira kunena kuti mashiniwo ndi ofooka, tigule a mphamvu zambiri. Ine ndimakana zimenezo. M'madzi osaya vuto si mphamvu ayi, vuto ndi komwe phokosolo likulowera, ndipo ukawonjezera mphamvu umangowonjezera chisokonezo. Nde ndati ndiziyerekeze njira zomwe zilipo, kuyambira kachipangizo kamodzi koloza pansi mpakana ma array akuluakulu a ofufuza, tione iti ikuyenera ndani.

Choyamba timvetsetsane za madziwo. Transducer ndi kachitsulo kapena kapulasitiki kaja kamamangidwa kumbuyo kwa boti, mkati mwake muli ceramic yomwe imanjenjemera magetsi akalowa, imatulutsa phokoso m'madzi kenako n'kumvetsera likabwerera. M'madzi athu ofundawa phokoso limathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, pomwe mumpweya ndi mamita 343 okha. Ku Malombe, komwe malo ambiri kuya kwake ndi mamita ochepa chabe, atatu anayi, phokoso limapita pansi n'kubwerera m'kanthawi kosakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, ndiye silibwerera kamodzi n'kutha, likafika pamwamba pa madzi limanjanja n'kubwereranso pansi, pansi n'kubwereranso pamwamba, kangapo konse. Zili ngati kukuwa m'holo yopanda anthu, mawu ako omwe amakutsekereza kumva zomwe mnzako akunena. Kunyanja yaikulu kumpoto komwe kuya kumafika mamita 700 vuto limeneli kulibe, phokoso lili ndi malo oyendamo. Kuno lapanikizika pakati pa matope ndi pamwamba.

Pamwamba pa zimenezo matope a Malombe amasunga mpweya wochokera ku zomera zovunda, ndipo tithovu ta mpweya timabweza phokoso mwamphamvu kuposa mnofu wa nsomba. Ngakhale nsomba imene, chomwe mashini amaona kwambiri ndi kathumba ka mpweya kam'mimba mwake. Ndiye mwera ukamawomba miyezi ya June ndi July mafunde akuphulika, madzi a pamwamba amadzaza tithovu ndipo mashini amachita khungu. Kunyanja yaikulu kulinso timphutsi ta nkhungu, tili ndi timatumba tampweya natonso, timapanga mtambo pa sikirini woti osadziwa angati wapeza usipa.

Tiyambe ndi fish finder wamba, wa transducer imodzi yoloza pansi. Ameneyu ndi wotchipa kuposa onse, amayenda ndi batire ya 12V, sadya moto wambiri, ndipo munthu amamuzolowera msanga. Ambiri amagwira pa frequency ya 200 kHz, kutanthauza kuti phokosolo limanjenjemera ka 200,000 pa sekondi (1 kHz ndi ma Hz 1,000), ena amaphatikiza ndi 50 kHz kapena 83 kHz. Phokoso lake limatsika likutambasuka, ndiye apa mpomwe pali nkhani. Ngati likutambasuka madigiri 20, pa kuya kwa mamita 40 limaphimba malo otalika mamita 14 m'mimba mwake, zabwino ndithu, utaka ukasonkhana pa chirundu uuona. Koma pa mamita 3 limaphimba mita imodzi yokha. Mita imodzi basi, pansi penipeni pa boti, pomwe injini ikulira, ndipo chambo sichidikira boti chimathawira m'mbali lisanafike. Komanso gawo loyandikana ndi transducer silioneka bwino chifukwa ceramic ija imakhala isanasiye kunjenjemera, ndipo nsomba yomwe yagona pansi penipeni imasakanikirana ndi mzere wa pansi. Ukachotsa pamwamba ukachotsa pansi, chotsala n'chochepa kwambiri.

Mukafuna kuona ndi maso zomwe ndikunenazi, imikani boti pamchenga wolimba cha ku Namiyasi pomwe kuya kuli mamita atatu, muike range, kuya komwe sikirini izionetsa, pa mamita 10. Muona mzere wa pansi pa 3, kenako mzere wina wofanana nawo cha pa 6, pena wachitatu wofowoka cha pa 9. Si kuti pansi palipo pawiri, ndi phokoso lomwe lija layenda ulendo kawiri. Mukakweza gain, mphamvu ya kumva kwa mashini, mizereyo imangonenepa, nsomba osawonjezereka. Koma pali ubwino wake umodzi, mzere wachiwiriwo ukamaoneka mwamphamvu ndiye kuti pansi ndi polimba, mchenga kapena miyala, ukasowa ndiye kuti muli pamatope. Kwa munthu wofuna kudziwa kuya ndi mtundu wa pansi, wofuna njira yoti boti lisakakamire polowa mu Shire madzi akatsika, ameneyu akukwanira. Kufufuzira nsomba ku Malombe ayi.

Tsopano array. Apa m'malo mwa ceramic imodzi amaika tambirimbiri mondondozana, ndipo kompyuta imalamula kuti kalikonse kalire nthawi yake. Tonse tikalira limodzi phokoso limapita kutsogolo molunjika. Kakumanzere kakayamba, kotsatira n'kuchedwa pang'ono, kotsatira n'kuchedwanso, phokoso lonse limakhotera mbali imodzi popanda kutembenuza chipangizocho, chifukwa mafunde ake amathandizana mbali ina n'kuzimitsana mbali ina. Pomvetsera ndi chimodzimodzi, kompyuta imasankha kumva za mbali imodzi n'kusiya zina. Ndiye umatha kupanga phokoso lopyapyala loti lidutse pakati pa madzi osakhudza kwambiri pamwamba ndi pansi. Lamulo lake ndi lakuti kupyapyala kumadalira kutalika kwa array poyerekeza ndi kutalika kwa funde limodzi la phokosolo. Pa 200 kHz funde limodzi ndi mamilimita 7.5, ndiye array yokwana m'dzanja imakwanitsa. Pa 500 Hz funde limodzi ndi mamita 3, kutalika kofanana ndi kuya kwa Malombe yemwe, ndipo kuti ulipanikize mpaka madigiri 10 ukufunika array yotalika cha m'mamita 15. Sungani zimenezi, tizifuna kutsogoloku.

Njira yomwe ine ndimaikonda kwambiri kwa ife kuno ndi side scan, ena amati side imaging. Transducer yake ndi yaitali ngati chala chachikulu cha nthochi, sakhota phokoso ndi kompyuta ngati array yeniyeni koma kutalika kwakeko kumapangitsa kuti phokoso likhale lopyapyala kwambiri kutsogolo ndi kumbuyo, lotambasuka kuchokera pansi pa boti kupita m'mbali zonse ziwiri. Makampani ngati Humminbird, Lowrance ndi Garmin amagulitsa zogwira pa 455 kHz ndi 800 kHz, zina kupitirira 1,000 kHz. Boti likamayenda pang'onopang'ono molunjika, mashini amadula pansi tizigawotizigawo n'kutilumikiza kukhala chithunzi. Ogwiritsa ntchito amatsata lamulo loti mtunda wooneka bwino mbali imodzi ndi pafupifupi kuchulukitsa ka 10 kutalika kwa transducer kuchokera pansi, ndiye pa mamita 3 mukuona cha m'mamita 30 kumanja, 30 kumanzere. Yerekezani ndi mita imodzi ija. Ndipo nsomba zomwe zathawa boti zathawira komwe mukuyang'anako.

Chithunzi chake chimafuna kuzolowera. Pakati pa sikirini pamakhala mzere wakuda, amenewo ndi madzi a pansi pa boti, m'mbali mwake ndiye pansi pa nyanja pofiirira. Chinthu chotukuka chimawala mbali yoyang'ana boti, kuseri kwake n'kusiya mthunzi wakuda, ndipo nthawi zambiri mthunziwo ndi umene umakuuza kuti ndi chiyani, chitsa, mwala, bwato lomira, ukonde wosiyidwa. Nsomba imaoneka ngati kadontho koyera ndi kamthunzi kake patali pang'ono, mthunzi ukatalikira ndiye kuti nsombayo ili m'mwamba. Chomwe chimandisangalatsa koposa ndi zisa za chambo. Chambo chachimuna chimakumba chisa chozungulira pamchenga nyengo yoswana, ndipo pamchenga woyera side scan imatha kuzionetsa, timabwalo tozungulira tili mbwee, china pafupi ndi chinzake. Taganizani BVC ya ku Chimwala kapena ku Malembo ikudutsa pamalo ake otetezedwa nyengo yotseka nyanja isanayambe, n'kudutsanso pambuyo pake, n'kuona ngati zisa zachuluka kapena ngati wina wakokapo khoka usiku, chifukwa mkwekwe wa ukonde pamatope umaonekanso. Mitengo ndi zitsamba zomwe anthu amamiza kuti nsomba zizibisalamo mungazionenso ngati zikadalipo kapena zakokoloka. Chambo cha Malombe chinagwa koopsa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nkacha ndi makoka zitasesa udzu wapansi, ndipo ndi chifukwa chake mu 1993 boma linayambitsa ndondomeko yoti asodzi eni ake azitenga mbali kudzera m'ma BVC. Kuyambira nthawi imeneyo mikangano yambiri pagombe imakhala ya mawu okhaokha, wina akuti nsomba zabwerera wina akuti bodza. Chithunzi chimathandiza kuti anthu akambirane chinthu chomwe onse achiona.

Zofooka zake zilipo. Boti liyenera kuyenda, ukaima chithunzi chimangokokeka. Mafunde akamaligwedeza mizere imapindika, ndiye nthawi yake ndi m'mamawa mphepo isanadzuke. Siikuuzani kuti iyi ndi chambo iyi ndi kambuzi, komanso siiwerenga nsomba molondola. M'malo a udzu wambiri ndi namasupuni imatsekeka msanga. Transducer yake ikagunda mchenga kapena mwala kamodzi kokha mwaluza ndalama zambiri, ndiye pa boti lamatabwa ndi bwino kuimanga pa paipi yoti muzitha kuikweza pokocheza, komanso ikhale kutali ndi thovu la injini.

Pamwamba pa side scan pali ma sonar oonetsa zinthu zikuyenda nthawi yomweyo. Garmin inatulutsa Panoptix mu 2015 kenako LiveScope mu 2018, ndipo awa ndiye ma array enieni, amatumiza phokoso mbali zambiri nthawi imodzi n'kupanga chithunzi choyenda ngati vidiyo olo boti litaima. A ofufuza ali ndi ina yotchedwa DIDSON ya kampani ya Sound Metrics, imagwira pa 1.1 ndi 1.8 MHz (1 MHz ndi 1,000 kHz), pa 1.8 imagawa phokoso m'timizere 96 ndipo nsomba imaoneka thupi lake lonse ikupinda mchira, ngakhale madzi atakhala a matope kapena usiku. Ku Alaska anaigwiritsa ntchito powerenga nsomba za salmon pamitsinje ngati Kenai. Kuipa kwake ndi koti pa frequency yokwera chonchi phokoso silipita patali, chithunzi chooneka bwino chimathera cha m'mamita 15. Kwa woweta chambo m'makheji ngati omwe timawaona cha ku Maldeco, LiveScope ndi yothandiza zedi, aona ngati nsomba zikudya kapena chakudya chikungomira, aona ngati ng'ona ikuzungulira kheji, ndipo ukonde ukang'ambika nsomba zimaoneka zikutuluka. DIDSON itamangidwa pamalo opapatiza a Shire, pakati pa nyanja ndi Malombe, ikhoza kutiuza nthawi yomwe nsomba zimakwera ndi kutsika, funso lomwe limakhudza asodzi a mbali zonse ziwiri. Koma mtengo wake ndi wa mabungwe, ndipo LiveScope imadya batire kwambiri, sola yaing'ono siikwanitsa tsiku lonse.

Apa ndinenepo zakukhosi. LiveScope m'manja mwa munthu wa ukonde pa Malombe ine imandiopsa. Nsomba zomwe zatsala zimapulumuka chifukwa sitiziona. Mashini oonetsa gulu la nsomba likusuntha, woponya nkacha n'kumalitsatira, angamalize m'nyengo zochepa zomwe zatenga zaka kuti zibwererepo pang'ono. Sindikunena kuti msodzi asatukuke, ana ake akufuna fizi ngati a wina aliyense, koma nkhani imeneyi ikambidwe m'ma BVC ndi a Fisheries zipangizozi zisanachuluke, osati zitachuluka kale.

Kwa owerenga nsomba mwaukatswiri njira yawo ndi split beam, monga Simrad EK60 ndi EK80 zogwira pa 38, 70, 120 ndi 200 kHz. Transducer yake imagawidwa zigawo, kawirikawiri zinayi, ndipo poyerekeza nthawi yomwe phokoso lafika pa chigawo chilichonse mashini amadziwa pomwe nsomba ili mkati mwa phokosolo, ndiye amatha kuyerekeza kukula kwake ndi kuchuluka kwa nsomba pa hekitala. Kafukufuku wa nsomba za pakati pa nyanja wa UK ndi SADC wa 1991 mpaka 1994, wa sitima ya Usipa, anagwiritsa ntchito phokoso poyeza nsomba za m'madzi akuya, ndipo kumeneko kuloza pansi kumagwira. Kumadzi osaya akatswiri a ku Ulaya, makamaka ku Czech Republic, amaitembenuza transducer kuti iloze cham'mbali, ndipo amasankha yotulutsa phokoso lophwatalala, lotambasuka m'mbali koma lopyapyala m'mwamba ndi pansi, kuti lidutse pakati. Zimatheka, koma kupendeka kwa digiri imodzi kapena awiri kumakwanira kuti phokoso ligunde pamwamba kapena matope, komanso nsomba yomweyo imaoneka yaikulu ikapingasa, yaing'ono ikaloza mutu kwa inu. Pamafunikanso kuyesa mashiniwo ndi kampira kachitsulo kodziwika mphamvu yake musanayambe, ndi munthu wodziwa kuwerenga zotsatira. Iyi ndi ntchito ya ofufuza a ku Monkey Bay ndi ophunzira a ku koleji ya Fisheries ku Mpwepwe, si yogula munthu payekha.

Pali njira ina yomwe siilimbana ndi kunjanja kwa phokoso koma imakugwiritsa ntchito, amaitcha time reversal. Amaimika array kuchokera pafupi ndi pamwamba mpaka pafupi ndi pansi, kachipangizo kena patali n'kulira kamodzi, array n'kujambula phokosolo momwe lafikira losokonekera ndi kunjanja konse, kenako n'kulibweza chafutambuyo, lomwe linafika pomaliza n'kuyamba kutuluka. Phokosolo limatsata njira zomwe linadzera ndipo limakakumana lonse pamalo pomwe linachokera, nthawi imodzi. William Kuperman wa ku Scripps, malo ofufuzira za m'nyanja ku America, ndi anzake a malo ofufuzira a NATO anaziyesa kunyanja ya Mediterranean kufupi ndi Italy mu 1996, pa 445 Hz, m'madzi akuya mamita opitirira 100, ndipo phokoso linakakumana pamtunda wa makilomita opitirira 6. Ndi zodabwitsa, ndipo zimathandiza potumiza mauthenga pansi pa madzi. Koma zimafuna kuti madzi asasinthe kwambiri pakati pa kujambula ndi kubweza, zimafuna zipangizo zambiri ndi magetsi okhazikika, ndipo sindikuona funso la ku Malombe lomwe likufuna yankho limeneli panopa.

Kupatula time reversal ya 445 Hz ija, zonse ndatchulazi nsomba zathu sizizimva, 200 kHz ili kutali kwambiri ndi makutu ake. Nsomba zambiri, kuphatikizapo za mtundu wa chambo, zimamva bwino pansi pa 1,000 Hz. Za mtundu wa mpasa, ntchila, usipa, mlamba ndi kampango zili ndi timafupa tolumikiza kathumba ka mpweya ndi khutu, ndiye zimamva mpaka ma Hz masauzande angapo. Ndiye pali ena amafunsa, bwanji osaika masipika pansi pa madzi kuti tiziongolera nsomba, kuziletsa kulowa m'mapaipi okoka madzi kapena kuzisunga m'malo otetezedwa? Maganizowa si achilendo kwa ife, chiombera ndi chimenecho, kumenya madzi ndi nkhafi kapena mtengo kuti nsomba zithawire m'matchera. Ku America akuyesa zimenezi ndi makina pofuna kutsekereza nsomba za carp zochokera ku Asia: pa Barkley Lock ku Kentucky anaika mu 2019 mpanda wophatikiza phokoso, thovu la mpweya ndi magetsi othwanima, ndipo pa Lock and Dam 19 pamtsinje wa Mississippi anaika mzere wa masipika mu 2021. Thovulo limathandiza kutsekera phokoso pamzere umodzi kuti lisamwazike.

Koma kumbukirani masamu aja. Phokoso lotsika, la ma Hz ochepa, lomwe nsomba imamva lili ndi mafunde aatali, ndiye kuliloza mbali imodzi kumafuna array ya mamita khumi ndi kuposa. Komanso madzi osaya amakana phokoso lotsika kwambiri: pa kuya kwa mamita 3 pansi patakhala polimba, lochepera pafupifupi 125 Hz siliyenda patali, limafera pafupi ndi sipika, ndipo pamatope ofewa malirewo amakwera kuposa pamenepo. Mbali ina n'zabwino chifukwa simusokoneza nyanja yonse, mbali ina zikutanthauza kuti mufunika masipika ambiri oyandikana, ndi magetsi osazima usana ndi usiku, apa tonse tikudziwa momwe magetsi amavutira. Nsomba zimazoloweranso phokoso lobwerezabwereza. Ndipo mpanda woterewu umagwira kwambiri nsomba zakumva bwino zija, pomwe chambo chikhoza kungodutsa. Chinanso, mbuna ndi nsomba zina za mtundu umenewu zimatulutsa timaphokoso totsika pofunsirana, ofufuza anazijambula, ndiye kuika phokoso lamphamvu pafupi ndi malo oswanirana ndi kusewera ndi chinthu chomwe tikufuna kuteteza. Pakamwa pa paipi yokoka madzi a mthirira sefa yabwino ndi kuchepetsa liwiro la madzi olowa zimagwira ntchito popanda waya aliyense. Mu Shire, yomwe ndi njira ya nsomba pakati pa nyanja ziwiri, ine sindingavomereze mpanda wa phokoso popanda kafukufuku wa a Fisheries.

Ndiye mukandifunsa kuti ndalama ipite kuti, woyendetsa boti la anthu kapena katundu kupita ku Makanjira agule fish finder wamba, amuuza kuya ndipo basi. Wa chilimira wopita ku virundu kumadzi akuya, yemweyonso amukwanira, asankhe wokhala ndi ma frequency awiri ndi GPS kuti azisunga malo. BVC kapena bungwe loyang'anira malo otetezedwa ku Malombe ndi m'mphepete mwa nyanja, side scan ya 455 kHz, imodzi yokha ikhoza kuzungulira magombe angapo, bola pakhale anthu awiri atatu ophunzitsidwa bwino ndipo zithunzi zizisungidwa pa memory card ndi deti lake kuti chaka chamawa muyerekeze njira yomweyo. Pogula funsani ngati transducer ili m'bokosi momwemo, chifukwa ena amagulitsa sikirini yokha, ndipo muonetsetse kuti mashiniwo si otsekeredwa chigawo china cha dziko, ena ogulidwa ku America amakana kugwira bwino GPS ikazindikira kuti ali kunja. Batire ikhale yakeyake, osalumikiza ku ya injini chifukwa imalowetsa mizere pa sikirini, muike fyuzi, ndipo mapulagi muziwapukuta ndi kuwaumitsa mukatsika pamadzi.